Kuphunzitsa ana pick and roll: yambani ndi kudikira

Wezulo ikalira pa screen, woyimbira amaloza mwana amene anabwera kudzatchinga. Faulo imalembedwa pa nambala yake, ndipo iye amabwerera kumbuyo atazolika. Koma pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa ana basketball, ndaona kuti kawirikawiri amene walakwitsa ndi mnzake wa mpira uja, yemwe ananyamuka screen isanakhazikike. Wotchingayo poona kuti mnzake wapita kale, amasuntha phazi kapena kutulutsa chiuno kuti amugwirebe wolonda, basi wezulo n'kulira. N'chifukwa chake ine pick and roll ndimayamba kuiphunzitsa pa kudikira, zina zonse zimabwera pambuyo.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukuyamba kumene, kaseweredwe kameneka n'ka anthu awiri. Mmodzi ali ndi mpira. Mnzake amabwera n'kudzaima ngati chipupa m'njira ya amene akulonda wa mpirayo, ndipo kuimako ndiko amati pick kapena screen. Wa mpira akadutsa pambali pake, wotchingayo amatembenuka n'kuthamangira ku basiketi, ndiye roll imeneyo. Apa nditchula amene akulonda wa mpira kuti wolonda woyamba, ndipo amene akulonda wotchinga kuti wolonda wachiwiri. Kwa kamphindi kochepa, awiriwa amayenera kugwirizana kuti wotsata mpira ndani, wotsata wothamangayo ndani. Akangozengereza, mmodzi mwa ana anu watsala yekha.

John Stockton ndi Karl Malone anasewera limodzi ku Utah Jazz, timu ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, kuyambira 1985 mpaka 2003. Timu iliyonse mu NBA inkadziwa chimene awiriwa achite, koma ankachitabe n'kumachinya, mpaka anafika mu ndime yomaliza ya ligiyo mu 1997 ndi 1998. Stockton anapuma atapatsira anzake mipira 15,806 yomwe inathera mu basiketi, ndipo palibe wina mu NBA amene wafikapo pamenepo. Ana ndimawauza nkhaniyi kuti adziwe kuti pick and roll ilibe chinsinsi choti mdani asachidziwe. Imagwira ntchito chifukwa anthu awiri achita tinthu tating'ono molondola, pa nthawi yake.

Musafulumire kuiyamba. Ine ndimadikira ana afike zaka 11 kapena 12, ndipo ngakhale afike, ndimayamba ndawayesa. Ndimaima pansi pa basiketi n'kumakweza zala, mwana akunjanjitsa mpira n'kumatchula nambala yomwe ndakweza, kaye ndi dzanja lamanja kenako lamanzere. Amene maso ake amagwerabe pa mpira sangaone chilichonse cha zomwe tikambirane pansipa, ndipo mukamukakamiza mungomuphunzitsa mantha. Muoneninso mpira womwe akugwiritsa ntchito. Wa saizi 7 ndi wa amuna akuluakulu. Mwana wa zaka 12 amapatsira bwino ndi saizi 5 kapena 6.

Screen yokha, mpira uli m'thumba

Tsiku loyamba, mphindi 15 zoyambirira mpira sindiutulutsa. Ana amakhala awiriawiri. Mmodzi amaima ngati wolonda, winayo amathamanga kuchokera pansi pa basiketi n'kudzatera pambali pake ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi. Kuthamangako nkofunika. Wotchinga wobwera chokwawa amabwera ndi womulonda wake pambali, ndiye wolonda wachiwiri amakhala atafika kale pamalo pomwe akufunika. Wobwera mwaliwiro amamusiya mmbuyo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri.

Akatera, mapazi atalikirane kuposa mapewa pang'ono, mawondo apindike, msana uwongoke. Manja apingase pachifuwa kapena agwirane kutsogolo m'munsi, zigongono zisatuluke. Kenako woima ngati wolonda uja amugunde pang'ono ndi phewa kuti amve mmene zimakhalira. Ana ambiri amaopa kugundidwa, amatsinzina kapena kupendekera kumbali kugundako kusanafike. Lolani azolowere pang'onopang'ono, ndipo muwaphatikize olingana matupi.

Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, ndi omveka pa nkhaniyi, ndipo ana awadziwe tsiku lomwelo. Pamene matupi akugundana, wotchinga akhale ataima chilili, mapazi onse ali pansi, osatambasula mkono, mwendo kapena chiuno kunja kwa pomwe waima. Ngati waima kutsogolo kapena kumbali komwe wolonda akumuona, ndipo wolondayo sakuyenda, akhoza kuyandikira mmene angafunire bola asamukhudze. Ngati waima kumbuyo komwe sakumuona, amusiyire mpata wa sitepe imodzi. Ngati wolondayo akuthamanga, amusiyirenso mpata woti athe kuima kapena kukhota.

Chomwe chimatenga nthawi yaitali ndi mbali yomwe thupi layang'ana. Ndimawauza kuti msana wa wotchinga uloze kumene tikufuna wa mpira apite. Tikakhala kumbali kwa bwalo n'kumafuna wa mpira alowe pakati, chifuwa cha wotchinga chiyang'ane mzere wa m'mbali, msana uyang'ane pakati pa bwalo. Ndipo aime motsikirako pang'ono cha kumbali ya basiketi, chifuwa chake chilunjike pa phewa ndi chiuno cha wolonda. Akaima mokwera kwambiri, wolonda amangozembera kumbuyo kwake n'kukakumana ndi wa mpira kutsogolo, screen n'kukhala yopanda ntchito. Ana amakonda kuthamangira pa kadontho kena ka pabwalo komwe munawaonetsa dzulo, n'kutchinga mphepo. Akumbutseni kuti akutchinga munthu, ndipo munthuyo lero waima pena.

Wa mpira

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwana wa zaka 12 amene wagwira mpira, anzake akukuwa, mawu okha samudekhetsa. Amafunika chizindikiro chomwe angachimve ndi khutu. Choncho ndinakhazikitsa lamulo limodzi: wotchinga pobwera akweze chibakera n'kuitana dzina la mnzake, ndipo mapazi ake akagunda pansi anene mokweza kuti "tiye!" Wa mpira sanyamuka asanamve mawu amenewa. Akanyamuka msanga ndimaimitsa, ngakhale atachinya basiketi yokongola bwanji, ndipo basiketiyo sitiiwerengera. Masabata awiri oyamba ana amanyinyirika nazo. Pambuyo pake mumangoona okha akudikira.

Podikirapo asangoima ngati mtengo. Ayang'ane mbali inayo, aponde ngati akupita kumeneko, kapena anjanjitse kamodzi chotsikira ku basiketi kuti wolonda wake afike pa mzere umodzi ndi screen. Wolonda amene wapendekera mbali yolakwika amafika pa screen mochedwa ndipo amaigunda ndi thupi lonse.

Podutsa, phewa la wa mpira likhule chiuno cha mnzake. Apa ndimaumirira kwambiri. Mpata uliwonse wotsala pakati pa awiriwa ndi khomo la wolonda. Poyeserera ndimaima pafupi n'kulowetsa mkono pakati pawo, ukalowa, abwereza. Kuti phewa lifike pa chiuno mwana ayenera kutsika, ndipo kutsikako ndi kumene kumamupatsa mphamvu yonyamukira. Mpira ukhale m'dzanja lakutali ndi wolonda.

Akadutsa, anjanjitse kawiri mwamphamvu, maso ali mmwamba. Ana ambiri amanjanjitsa kamodzi n'kuugwira mpira ndi manja awiri, kenako n'kumayang'anayang'ana. Pamenepo zonse zatha, chifukwa sangayendenso ndipo olonda awiri amamuunjikira. Kunjanjitsa kwachiwiri ndi kumene kumakokera wolonda wachiwiri kutali ndi munthu wake n'kutsegula njira ya mpira. Ndimawauza kuti, "Usaugwire usanadziwe kumene ukupita."

Roll

Wotchinga asachoke mnzake asanadutse. Akadutsa, atembenukire mbali imene mpira wapita, mimba iyang'ane mpira. Phazi lomwe lili kumbali ya basiketi likhale pansi, linalo alikokere kumbuyo, ndipo akatero wolonda woyamba amatsala kumsana kwake. Ana ambiri amatembenukira mbali inayo, mpira n'kuwasowa kwa kamphindi, ndipo mnzawo akaupatsira umawamenya pamsana. Mukawaonetsa kawiri katatu mwapang'onopang'ono, mapazi amagwira okha.

Kuchokera apo ndi liwiro lolunjika ku basiketi, dzanja limodzi litakwezedwa kusonyeza pomwe akuufuna mpira. Aulandire ndi manja awiri, aukweze pa chibwano, ndipo ngati ali pafupi amalize osaunjanjitsa. Mwana wamtali akautsitsa mpira m'mawondo amafupika ngati wina aliyense, tianzake tatifupi n'kumulanda. Mpira ukapanda kubwera, asakhazikike pansi pa basiketi: lamulo loletsa wa timu yomwe ili ndi mpira kukhala pamenepo kupitirira masekondi atatu limugwira. Atulukire mbali inayo.

Kapatsiridwe n'kamitundu iwiri basi pa msinkhu uwu. Koyamba n'kogunditsa pansi, mpira n'kudutsa pa kampata ka pakati pa olonda awiri, ndi dzanja limodzi, molunjika kutsogolo kwa wothamangayo osati pomwe ali. Kachiwiri n'kodutsitsa pamwamba pa mutu wa wolonda. Kogunditsa pansi n'komwe ndimathera nako nthawi, chifukwa manja a olonda amakhala mmwamba ndipo ana sakonda kuwerama.

Munthu mmodzi woti amuyang'ane

Nditangoyamba kuphunzitsa, ndinkawapatsa ana njira zisanu zomwe olonda angachite, zonse sabata imodzi. Anazigwira pamtima, ndikawafunsa ankayankha bwino, koma pa masewero ankangoima kakasi mpira uli m'manja. Ndinawachulukitsira. Tsopano ndimawapatsa munthu mmodzi woti amuyang'ane, wolonda wachiwiri, ndi funso limodzi: wabwera kwa iwe kapena watsala kumbuyo?

Akabwera, ndiye kuti wasiya munthu wake, mpira upite kwa wothamanga. Akatsala kumbuyo kuteteza basiketi, kumene ambiri amati drop, wa mpira ali ndi mpata kutsogolo kwake: apitirire mpaka wolondayo amudzere, kapena aime cha pa mzere wa free throw, pomwe amaponyera wochitiridwa faulo, n'kuponya. Zokwanira mwezi wathunthu n'zimenezi.

Poyeserera, wolonda wachiwiri ndimakhala ine. Mpando kapena mwana woima chilili amakhala wolonda woyamba. Poyamba ndimakokomeza: ndikabwera ndimabweratu manja ali mmwamba, ndikatsala ndimatsaliratu pansi pa basiketi. Ana akayamba kupeza, ndimachedwetsa chisankho changa, kapena ndimaponda kutsogolo n'kubwerera. Kenako malo anga amatenga mwana, ine n'kumamunong'oneza choti achite anzakewo osamva. Pomaliza pake ndi awiri kwa awiri, aliyense mwaufulu. Kuyeserera popanda wolonda aliyense sindikupatsa mphindi zoposa zisanu, chifukwa kumaphunzitsa mapazi okha, maso osaphunzira kanthu.

Zinazo zimabwera zokha, ndipo ndimadikira kuti olonda azitulukire. Tsiku lina mwana wochenjera amayamba kuzembera kumbuyo kwa screen m'malo moidutsa pamwamba. Pamenepo ndimaimitsa n'kufunsa wa mpira kuti, "Wakusiyira chiyani?" Wamusiyira mpata woponya. Ngati pamenepo m'patali kwa mkono wake, wotchinga atembenuke aikenso screen kachiwiri, motsikirako, mpaka afike pomwe mwanayo amachinyira. Mzere wa mapointi atatu wa FIBA uli pa mamita 6.75, ndipo ana ambiri a zaka 12 akaponyera kumeneko amachita kukankha mpira ndi thupi lonse, kaponyedwe n'kuwonongeka. Choncho screen zathu timaziika mkati mwa mzerewo.

Tsiku lina olonda amasinthana anthu, switch imeneyo. Ndiye kuti wamfupi watsala ndi wamtali wathu, wamtali watsala ndi waliwiro wathu. Wothamanga amusunge wamfupiyo kumsana n'kupempha mpira, apo ayi wa mpira abwerere pang'ono n'kumudutsa wamtaliyo ndi liwiro. Olonda onse awiri akaunjikira wa mpira, abwerere chambuyo akunjanjitsabe, awakokere kutali, kenako apatsire. Kumbuyo kwawoko kwatsala anayi athu ndi atatu awo. Wolonda woyamba akalumphira ku screen isanafike, wa mpira aikane n'kudutsa mbali yopanda munthu. Ndipo wolonda wachiwiri akamatuluka msanga nthawi zonse, wotchinga asamalize n'kuima komwe, angotsetserekera ku basiketi. Chilichonse mwa izi ndimachipatsa tsiku lake, ndipo tsikulo limafika ana akakumana nalo vutolo, osati ine ndikalilemba pa pulogalamu.

Mwana akalakwitsa chisankho, pewani kumuuza yankho. Mufunseni kuti, "Unaona chiyani?" Nthawi zambiri amati, "Sindinaone kanthu, kochi," ndipo yankho limenelo ndi loona: maso anali pansi. Ndiye mwadziwa kuti chofunika kukonza ndi kunjanjitsa. Akati, "Ndinaona wabwera koma ndinaopa kuti aulanda," vuto ndi kapatsiridwe, ndipo mubwerere ku mpira wogunditsa pansi uja.

Atatu otsalawo

Pick and roll yabwino imafera pa anzawo atatu amene akuonerera ali pafupi. Ana amakokedwa ndi mpira ngati njenjete pa nyali, ndipo aliyense wobwera amabwera ndi womulonda. Bwalo ndi la mamita 15 m'lifupi, muligwiritse ntchito lonse. Awiri aime m'makona, wachitatu kumbali inayo, motalikirana mamita anayi kapena asanu. Ine ndimaika zizindikiro pansi, ndipo wochokapo popanda chifukwa timu yake imataya mpira.

Njira yabwino yophunzitsira izi ndi atatu kwa atatu pa theka la bwalo. Ndi masewero enieni ndithu: 3x3 inalowa mu Olympics ku Tokyo, ndipo kumeneko timu imakhala ndi masekondi 12 okha oti iponye, pomwe pa asanu kwa asanu ndi 24. Wachitatu wathu amaima pa kona. Womulonda akamusiya kuti akathandize pa wothamanga, mpira upite pa kona, ndipo funso lachiwiri la wa mpira limakhala limenelo. Pa atatu kwa atatu mwana aliyense amaugwira mpira kambirimbiri, ndipo palibe pobisala.

Chinthu china chomwe ndimachikana kwamtuwagalu ndi kugawa ana kuti awa ndi otchinga, awa ndi a mpira. Ndinali ndi mtsikana wina amene pa zaka 12 anali wamtali kuposa anzake onse, ndipo kumene anachokera ankangomutuma kutchinga ndi kuima pansi pa basiketi. Pofika zaka 15 anzake anamupeza msinkhu, ena kumupitirira, iye n'kutsala wosadziwa kunjanjitsa ndi dzanja lamanzere. Tinayambiranso pa chiyambi, ndipo zinamuwawa. Simungadziwe kuti mwana adzatalika bwanji. Pa kuyeserera kulikonse, wotchinga akamaliza apite pa mzere wa a mpira, wa mpira apite pa mzere wa otchinga, ndipo muchite mbali zonse ziwiri za bwalo mofanana. Nikola Jokić ndi wamtali mamita 2.11, koma pomwe Denver Nuggets inatenga chikho cha NBA mu 2023, iye ndi Jamal Murray ankasinthana: pena Jokić kutchingira Murray, pena Murray kutchingira Jokić ali ndi mpira. Mwana amene anatchingapo amadziwanso kuwawa kwa kuthamanga mtunda wonse mnzako n'kunyamuka osakudikira.

Kutchinga ndi ntchito yomwe owonerera saiwombera m'manja, choncho muiwombere inu. Pa masewero athu oyeserera, basiketi yochokera pa screen yabwino imakhala ndi pointi yowonjezera, ndipo ndimatchula dzina la wotchinga mokweza ndisanatchule la wochinya. Wochinyayo amayenera kumuloza mnzake chala pobwerera kumbuyo. Pakatha milungu ingapo mumaona ana akulimbirana kukaika screen.

Olonda nawonso aphunzitseni kulankhula, kuyambira tsiku loyamba. Wolonda wachiwiri ndiye amaiona screen ikubwera, ndipo akuwe kuti "screen kumanja!" kapena "screen kumanzere!" isanafike. Apa nkhani si ya mapointi okha. Mwana wothamanga chammbali amene wagunda thupi lomwe samaliyembekezera akhoza kupweteka khosi kapena mutu. Wolonda wachiwiri akakhala chete mnzake n'kugundidwa, ndimaimitsa masewero nthawi yomweyo.

Pa tsiku la masewero enieni sindiitanitsa pick and roll ulendo uliwonse. Ndimawalola aiyambitse okha akaona kuti mpira waima, ndipo theka loyamba ndimangoyang'ana ngati akudikirana ndi ngati phewa likukhula chiuno. Mpira ukatayika chifukwa mwana anayesa kupatsira wothamanga pa nthawi yoyenera, ndimamuuza kuti ayesenso. Wezulo ikalira pa screen, wotchingayo ndimangomukwezera chala chachikulu kuti asataye mtima. Pa nthawi yopuma ndimakhala pansi pambali pa wa mpira uja n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, "Unamumva mnzako akunena kuti tiye?"